Mwana wa a Goma Ali ku Abidjan

Chikwa, Chama
20 Ogasiti 2023

Kwa mwana wanga Teddy,

Amene ndikulankhula ndine atate wako, Abraham Goma. Akulemba ndi mlongo wako Damaris. Ndamuuza kuti alembe mawu anga mmene akutulukira, asathirepo mchere, asachotsepo kanthu. Iye akuti Chisenga chimamuvuta papepala poti kusukulu anaphunzira kulemba Chinyanja, ndiye ndilankhula Chinyanja changa chomwechi.

Uli bwanji kumeneko ku Abidjan? Ukudya? Kuno tili bwino, kupatula msana wanga umene ukuudziwa. Manda a amayi ako tinawalambula.

Kalatayi iyenda motere. A Fabian, aphunzitsi a pasukulu pathu, aijambula ndi foni yawo, ndipo akapita ku boma kumene foni imagwira, aitumiza kwa iwe. Yankho lako utumize kwa iwo omwewo. Akalisindikiza papepala ku Chama n'kulimata mu envelopu. Anandiuza kuti ndikhoza kupita nawo ku boma kukalankhula nawe pakamwa. Ndakana. Mawu a pafoni amapita ndi mphepo, sungawaonetse munthu.

Ndikufuna udziwe chifukwa chake. Chichokereni iwe mu Juni ndi bwana uja amene anakuona ukusewera ku Chipata, a Hosea Zimba sagona nane. Tsiku lina ananena pa chigayo, anthu akumva, kuti, “A Goma, mbuzi mwagulitsa, njinga mwagulitsa, mwana mwapereka kwa munthu wa jekete. Manje chatsala n'chiyani, denga?” Ine ndinati, “Chatsala n'chakuti inu mudzamve dzina la Goma pa wailesi yanu yomweyo.” Anthu anaseka iwo.

Choncho ndapanga lamulo. Kalata yako ikafika, sinditsegula kunyumba. Ndizipita nayo yomatamata ku tchalitchi, ndipo mapemphero akatha, pansi pa mtengo wa bwemba, Damaris azing'amba envelopu onse akuona n'kuwerenga mokweza. Motero palibe adzati a Goma apeka nkhani.

Anthu a dziko limenelo la Ivory Coast usawaope. Ndi omwe aja tinawagonjetsa pa mapenate mu 2012 n'kutenga chikho cha Africa. Unali kamwana. M'mawa mwake unamenya mpira wa mapepala tsiku lonse mpaka chikhadabo cha chala chachikulu chinazuka, koma sunalire. Ndinadziwira pomwepo.

Utiuze dzina la timu yako ndi nambala ya pamsana. Utumize chithunzi utavala yunifomu. Ndinalonjezanso anyamata a timu ya kuno kuti udzawapezera mpira weniweni wachikopa. Osafulumira, koma usaiwale, chifukwa ndinalonjeza pagulu.

Ndine atate wako,
Abraham Goma


Abidjan
9 Okutobala 2023

Adada,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndamva lamulo lanu. Moni kwa inu, kwa Damaris ndi alamu, ndi kwa nonse amene mwakhala pansi pa bwemba. A Zimba, moni.

Ine ndili moyo. Mzinda uno ndi waukulu, Lusaka angalowemo n'kusochera. Pakati pake pali madzi ndi milatho yaitali. Amalankhula Chifalansa, manje ndimatha kupereka moni ndi kufunsa mtengo wa chinthu. Chakudya chawo ndi chinangwa chonyenyanyenya chimene amati atcheke, amadyera nsomba yokazinga ndi tsabola. Mimba inavuta masiku oyamba koma yazolowera.

Za mpira, Adada, sindidziwa ndiyambire pati. Kwathu mpira ndi wa Loweruka. Kuno ndi wa tsiku lililonse, paliponse: pamsewu, pamchenga, kuseri kwa msika, pansi pa mlatho. Ali ndi mtundu wina umene amati marakana. Amasewera asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, magoli ake aang'ono ofika m'chiuno, ndipo palibe goloboyi. Amasewera ngakhale madoda a mimba zawo, atachoka kuntchito. Amayi ogulitsa nsomba amavala jezi ya timu ya dziko, ya mtundu wa lalanje, ndipo amakangana za osewera ngati akukangana za ana awo. Timuyo amaitcha Njovu. Chikho cha Africa anatenga kawiri, mu 1992 ndi mu 2015, ndipo mu Januwale mpikisanowo uchitikira konkuno. Akumanga mabwalo atsopano, akupaka misewu utoto. Ana awo ambiri akusewera ku Ulaya, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mwana amene akuti ndiye wotsatira.

Za 2012 sanaiwale. Ndikanena kuti ndine wa ku Zambia amagwira kumutu n'kunena kuti “penate, penate,” kenako amaseka n'kundigwira dzanja.

Masukulu a mpira ali mbwee. Ndinaona kamwana ka zaka khumi kakuchita ndi mpira zimene ine ndikachita ku Chikwa anthu ankaimba nyimbo. Palibe ngakhale mmodzi anatembenuka kukayang'ana.

Dzina la timu ndi nambala ndidzakuuzani zinthu zikakhazikika. Manje ndikudikira. Bwana amene anandibweretsa anapita pa ulendo, anati ndimuyembekeze. Tikukhala anyamata angapo m'chipinda chimodzi, ena a ku Mali, ena a ku Guinea, tonse a mpira. M'mawa timathamanga pamchenga kuti thupi lisagone. Mpira wa anyamata ndikuukumbukira.

Adada, mvula ili pafupi. Munda wa kudambo mulima ndi ndani ndi msana wanuwo? Ngati n'kofunika ndikhoza kubwera kudzathandiza kudzala, za mpira n'kudzaziona pambuyo. Mungonena.

Mwana wanu,
Teddy


Chikwa, Chama
19 Novembala 2023

Mwana wanga Teddy,

Moni. Tili bwino. Mvula yoyamba yagwa, tadzala.

Kalata yako inawerengedwa monga ndinanenera. Anthu anali ambiri, ena a mpingo wina anabwera atamva. Damaris anawerenga bwino, ngakhale mawu achilendo aja anapunthwa nawo. Pa nkhani ya amayi ogulitsa nsomba, azimayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Pa nkhani ya penate, amuna anaomba m'manja. Ine ndinangokhala pampando wanga ndikumvetsera.

A Hosea anadikira onse akhale chete, ndiye anati, “Kalata yabwino. Koma makutu angawa akalamba, dzina la timu sindinalimve.” Ine ndinati, “Mwana wanu Gordon ali pa timu yanji, a Zimba? Ya kumowa?” Anati, “Wangayo ndimamuona tsiku lililonse.” Ndinati, “N'chifukwa chake mwaonda.” Nkhani inathera pomwepo.

Ukuti timu yawo ndi Njovu. Uwauze kuti ife a m'chigwa cha Luangwa njovu timagona nazo kumunda, sitizitengera jezi.

Anyamata a kuno ayamba marakana yako ija. Aika njerwa ziwiri uku, ziwiri uko, pabwalo la sukulu. Fred, goloboyi wanu uja, anabwera kudzadandaula kwa ine kuti kalata yako yamuchotsa ntchito. Timu yawo manje akuitcha Abidjan. Analemba dzinalo ndi makala pakhoma la chigayo. Ukuona kumene dzina lako lafika usanamenye n'komwe mpira umodzi.

Za kudikira, dikira. Bwana wamkulu amakhala ndi maulendo. Munthu amene anachoka kutali konseko kudzakuona ku Chipata sangakuiwale. Kamwana ka zaka khumi kaja kasakuopse. Kali ndi miyendo, iwe uli ndi chifuwa cha munthu amene wakula ndi khasu.

Manje za munda. Damaris akuti mawu ako omaliza aja akutanthauza kuti ukufuna kubwerera. Ndamuuza kuti mlongo wake samudziwa. Unanena mwaulemu, monga mwana woleredwa bwino amene akukumbukira msana wa atate wake, ndipo anthu anayamikira. Ndikuyankha kuti usadere nkhawa. Mlamu wako anandithandiza mizere ya kumunsi, yotsalayo ndinamaliza ndekha pang'onopang'ono. Munda ndi wanga, mpira ndi wako. Aliyense alime pake.

Chithunzi chija tikudikirabe.

Atate wako,
Abraham Goma


Abidjan
14 Febuluwale 2024

A Fabian, chonde muwauze adada kuti iyi akawerengere kunyumba. Damaris, iyi si ya pa bwemba. Uwawerengere ali okha.

Adada,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimanga chili bwino.

Mwina mwamva pa wailesi kuti Ivory Coast yatenga chikho kachitatu. Ndiyambe ndi zimenezo chifukwa ndinaziona ndi maso. Poyamba zinawavuta. Anagonja zigoli zinayi kwa duu ndi dziko laling'ono la Equatorial Guinea, pakhomo pawo, anthu awo akuonerera. Mzinda unakhala ngati pamaliro. Mphunzitsi wa timu anachotsedwa. Kuti apitirire, panafunika kuti ife a Zambia tigonje kwa Morocco, ndipo tinagonjadi chigoli chimodzi. Tsiku limenelo mzinda wonse unavina chifukwa cha kugonja kwathu. Anthu a m'dera lathu amene amandidziwa anandinyamula m'mwamba akuimba “Zambi, Zambi,” wina anandigulira nkhuku yowotcha. Ndinadya, chifukwa ndinali ndi njala.

Kuchokera pamenepo palibe anawaimitsa. Anachotsa Senegal, anachotsa Mali ali osewera khumi okha, anachotsa Congo, ndipo Lamlungu lapitali anagonjetsa Nigeria ziwiri kwa chimodzi. Sindinaonepo anthu akusangalala chotero. Agogo, ana, apolisi, onse lalanje lokhalokha, kukwera pamwamba pa mabasi, kukumbatira anthu osawadziwa.

Ine ndinali panja pa bwalo, ndikugulitsa madzi a m'mapulasitiki. Ndiyo ntchito yanga, Adada, kuyambira Seputembala. Timu ndilibe ndipo sindinakhalepo nayo. Bwana uja sanabwerere, nambala yake inasiya kugwira. Anyamata onse a m'chipinda chathu anabweretsedwa chimodzimodzi, aliyense ndi bwana wake. Ndinayesa ndekha m'matimu atatu aang'ono. Awiri anangomva zaka zanga n'kundibweza pachipata, akuti pa zaka makumi awiri ndi zitatu munthu amakhala atagulidwa kale kapena atasiya kale. Achitatu anandilola kusewera theka, kenako mphunzitsi wawo anati ndili ndi mphamvu koma mpira ndinauphunzira mochedwa. Sananame. Ku Chikwa ndinali woyamba chifukwa tinali ochepa. Kuno anthu ngati ine amadzaza msewu umodzi. Mu Disembala ndinabinya bondo pa marakana, limatupa ndikaima nthawi yaitali.

Sindikanatha kulemba izi m'kalata yoyamba podziwa kuti a Zimba akumvetsera.

Ndikufuna kubwera kunyumba. Pali abusa ena a ku Ghana amene mpingo wawo umathandiza anyamata osochera ngati ife kubwerera kwawo. Andilemba pa ulendo wa kumapeto kwa Epulo. Sakufuna ndalama. Akungofuna mawu ochokera kwa kholo akuti mwanayu tidzamulandira, chifukwa akuti ena anawatumiza kwawo n'kukathamangitsidwa, n'kubwereranso kuno ali oipirapo. Mizere iwiri yokha ikwana, Adada, ndi dzina lanu pansi.

Mbuzi ndi njinga ndidzabweza ndi khasu. Manyazi ndidzasenza ndine, inu musayankhe munthu.

Mwana wanu,
Teddy


Chikwa, Chama
28 Malichi 2024

Teddy,

Moni. Tili moyo. Kalata yako inachedwa chifukwa msewu wa ku boma unadulidwa ndi madzi, a Fabian sanathe kudutsa ndi njinga yawo yamoto mpaka sabata yatha.

Ndikuuza zimene zinachitika kuti udziwe pamene wandiika. A Fabian pondipatsa envelopu anati, “A Goma, iyi mukawerengere kunyumba.” Ine ndinaganiza kuti nkhani yake ndi yaikulu, mwina wasainidwa, ndipo akuopa kuti ndingagwe ndi chimwemwe pagulu. Anthu onse anali atamva pa wailesi kuti dziko limene uli latenga chikho. Tsiku lililonse ankandifunsa kuti Teddy walemba chiyani. Ndikanabisa bwanji? Lamlungu ndinavala jekete la ukwati wa Damaris. Anthu anali ochuluka kuposa tsiku lija loyamba, anyamata a timu anakwera mumtengo.

Damaris atang'amba envelopu anayang'ana n'kundinong'oneza kuti, “Adada, tiyeni kunyumba.” Ndinati werenga. Anadumpha mawu apamwamba n'kuwerenga za chikho, anthu akukuwa ndi kuseka. Atafika pa madzi a m'mapulasitiki anaima. Anati, “Yathera pompa.” A Hosea anati, “Pepala likadali lalitali, mwana wanga.” Ine lamulo ndinapanga ndekha, pamaso pa anthu omwewo. Ndinati, “Maliza.” Anamaliza akulira.

Palibe anaseka. A Hosea anavula chipewa, anabwera pamene ndinakhala, n'kunena motsitsa mawu koma onse akumva kuti, “A Goma, mwana abwere. Ine ndili ndi njinga ziwiri, ndidzapita kukamuchingamira pa Chama.” Akanaseka ndikanawayankha. Zaka zonsezi munthu ameneyu sanandimverepo chisoni, wayambira pa iwe. Azimayi anayamba “kalanga mwana wamasiye,” ngati ine ndinafa. Ndinanyamula mpando wanga ndekha mpaka kunyumba.

Manje mvera. Mawu a abusa akowo sindilemba. Sindikuti sindiwe mwana wanga. Ndikuti nthawi yobwera sinakwane. Ubwere utakwera kumbuyo kwa njinga ya a Hosea, kudutsa pa chigayo pamene analemba Abidjan, ukutsimphina, m'manja muli chabe? Udzakhala bwanji m'mudzi muno pambuyo pake? Mkazi adzakupatsa ndani? Ukuti manyazi udzasenza wekha. Manyazi a mwana sakhala pamutu pa mwana.

Unalemba wekha kuti kumeneko mpira uli paliponse, pamsewu, pansi pa mlatho. Dziko lotero lingasowe timu imodzi ya mwana wanga? Wayesa atatu. Yesa khumi. Bondo ulithowe ndi madzi otentha, limapola. Unalembanso wekha kuti anthu amenewo anamenyedwa zinayi kwa duu, dziko lonse likuwaseka, koma sanatole katundu wawo. Anaimirira mpaka anatenga chikho. Unaona ndi maso ako. Unaphunzirapo chiyani?

Ngati mpira wakanadi, peza ntchito ya dzina, ubwere utavala ngati munthu amene anapita kunja. Pamenepo ndidzakuchingamira ndekha.

Atate wako,
Abraham Goma

Teddy, ndine Damaris. Ndalemba zonse monga ananenera chifukwa amandiuza ndiwawerengerenso, ndipo amakumbukira liwu lililonse. Izi ndikuwonjezera ali kumunda. Sakudya bwino chiyambire Lamlungu. Mkwiyo wawo ndi wa a Zimba, si wa iwe. Nditumizire nambala ya abusawo, ine ndi alamu ako tilemba kuti tidzakulandira kwathu. Bwera, zina tidzaona.


Abidjan
6 Meyi 2024

Adada,

Moni. Ndamva zonse.

Malo anga pa ulendo uja ndinauza abusa apatse mnyamata wina wa ku Guinea. Amayi ake analemba tsiku lomwelo. Ananyamuka sabata yatha.

Mwafunsa chimene ndinaphunzira pa anthu aja amene anamenyedwa zinayi n'kudzatenga chikho. Iwo anagonja ali kwawo, Adada. Atatuluka m'bwalo anakagona m'dziko lawo, m'mawa anthu awo omwe anawatukwana anabweranso kudzawaimbira.

Ntchito ya dzina kuno kulibe kwa munthu wopanda mapepala ndi Chifalansa. Anzanga awiri a m'chipinda akupita kumpoto, akuti ukadutsa chipululu n'kuwoloka nyanja, kutsidyako ku Ulaya ngakhale matimu a m'midzi amalipira, ndipo amene sasewera amathyola zipatso m'minda. Ndipita nawo. Foni mwina ndigulitsa panjira. Mukaona ndakhala chete musadabwe.

Damaris, zikomo mlongo wanga. Koma sindingabwere ku Chikwa kudzakhala kwa alamu, n'kumadutsa pakhomo pa adada ngati mlendo. Uwayang'anire msana.

Iyi mukhoza kuwerengera pamene mufuna.

Teddy


Chikwa, Chama
15 Seputembala 2024

Mwana wanga Teddy,

Moni. Uli kuti?

Ndinakuyankha mu Juni, a Fabian akuti kalatayo sinafike. Akuti foni yawo imaonetsa chizindikiro kalata ikalandiridwa, ndipo chizindikirocho sichinabwere. Ine zimenezo sindizidziwa. Ndawauza atumizenso pamodzi ndi iyi.

Anandionetsa mapu a kusukulu. Ndinawafunsa kuti kumpoto kwa Abidjan kuli chiyani. Anaika chala pamalo aakulu achikasu, opanda mtsinje ngakhale umodzi. Ndinafunsa kuti munthu amayenda masiku angati pamenepo. Anati zimatengera galimoto. Ndinafunsa za nyanjayo. Anapinda mapu n'kunena kuti belu lalira.

Ine sindinanene kuti upite kuchipululu. Damaris wandiwerengeranso mawu anga onse, mulibemo chipululu. Ndinati ukhale pamene uli, uyesenso. Mwana amamva zimene kholo lanena, osati zimene sananene.

Tinakolola bwino pang'ono. Anyamata asiya marakana, Fred wabwerera pagolo. Mvula inafufuta makala a pa chigayo ndipo palibe analembanso. Mapemphero akatha masiku ano ndimapita kunyumba, msana sulola kukhala. A Hosea amabwera madzulo ena kudzakhala pakhonde. Safunsa kanthu. Amabweretsa wailesi yawo, timamvera nkhani za kunja, ikafika pa za mabwato omira panyanja amaitseka n'kuyamba za mitengo ya feteleza.

Ukapeza foni ya munthu aliyense, tumiza liwu limodzi kwa a Fabian. Nambala yawo sinasinthe. Ngakhale kulankhula pakamwa ndivomera, ndidzapita ku boma.

Atate wako,
Abraham Goma


Chikwa, Chama
23 Febuluwale 2025

Teddy mwana wanga,

Moni kumene uli. Ndine atate wako. Akulemba ndi Damaris, ndipo m'nyumba muno tili awiri okha, chitseko n'chotseka.

Khirisimasi yadutsa, chaka chatsopano chadutsa. A Fabian akuwasamutsira ku Lundazi kumapeto kwa temu ino. Ndawapempha kuti nambala asasinthe, ndipo avomera. Akuti kalata zanga zonse ziwiri zikadali panjira. Damaris akuti ndisawavutitsenso ndi ina. Ndamuuza kuti alembe.

Ndaganiza za kabweredwe kako, ndipo ndakonza. Umvetsetse bwino, usasinthe kanthu.

Ukafika pa Chama usalowe mumsika, pali anthu a kuno ogulitsa mpunga amene angakuzindikire. Uvale chipewa. Upite ku Kambombo kwa azakhali ako a Deborah. Ndinawatumira mawu, akudziwa, ndipo iwo pakamwa pawo ndi potseka. Ugone kumeneko mpaka thupi libwerere. Ngati zovala zatha, akupatsa za malemu amuna awo, munali msinkhu umodzi. Ngati bondo likuvutabe, akubwereka njinga, ukhoza kupalasa pang'onopang'ono n'kumapuma.

Usafike Lamlungu, ndipo usafike Loweruka pamene anyamata ali pabwalo. Lachiwiri ndi labwino, nthawi ya masana, anthu ali kuminda ya kutali. Ukayandikira usatenge njira ya kusukulu kapena ya pa chigayo. Utsike pa kamlatho ka mitengo, ukankhe njinga m'mbali mwa dambo, ulowe m'munda mwathu chakumunsi. Chaka chino chimanga chakula kuposa munthu. Dzulo ndinalowamo ndekha kukayesa, Damaris anaima pakhonde, ndinayenda kuchokera kudambo mpaka kuseri kwa nkhokwe ndipo sanandione. Mzere wachitatu kuchokera ku mtengo wa mango ndaupalira bwino, njinga ikhoza kudutsa. Umathera pa chitseko cha kumbuyo. Chitsekocho sindikhoma.

Ukalowa ukhale m'nyumba masiku amene ufuna. Palibe adzakufunsa za timu. Usabweretse kanthu, ngakhale mpira uja. Tsiku limene udzafune kutuluka, tidzatuluka awiri, makasu paphewa, ndipo wofuna kuyang'ana adzayang'ana.

Mawu aja a abusa, ngati akufunikabe kwa iwo kapena kwa wina aliyense amene akusunga, ndi awa. Ine Abraham Goma wa ku Chikwa, m'boma la Chama, ku Zambia, mwanayu ndi wanga ndipo ndidzamulandira. Damaris wandigwira dzanja, dzina pansipa ndalemba ndekha.

Ufulumire. Anthu adzakolola mu Meyi ndipo minda idzakhala poyera, munthu kuonekera kutali. Changa sindikolola. Mlamu wako akuti anyani ndi chiswe zidzatha chonse, tidzagona ndi njala. Ndamuuza kuti akolole chake. Changa chiima mpaka udutsemo.

Abraham Goma